Musanalembe kuti alangizi akuletsa feteleza, onani kaye 1 ndi 2 wanuyo

Achemwali ndawerenga funso lanu, mukuti munafunsa alimi a ku Angónia ku Mozambique ngati anathira feteleza ndiponso ngati mlangizi anawayendera, ndiye mutapanga logistic regression mu SPSS, pulogalamu yosanthula manambala, B wa mlangizi (nambala yoonetsa mmene kubwera kwa mlangizi kukugwirizanirana ndi kuthira feteleza) watuluka -0.69 ndipo mukuda nkhawa kuti kodi alangizi akubwezera anthu m'mbuyo. Chonde musalembe zimenezo mu monografia, lipoti la kafukufuku wanu, vuto lili pa kalembedwe ka mayankho.

Mwanena nokha kuti pa feteleza munaika 1 inde, 2 ayi, pomwe pa mlangizi munaika 0 sanabwere, 1 anabwera. SPSS imatenga nambala yaing'ono n'kuisandutsa 0, yaikulu n'kukhala 1, ndiye chimene ikuwerengera panopa ndi kusathira feteleza. Kwererani m'mwamba pa zotsatira muone kabokosi kolembedwa Dependent Variable Encoding, mupeza ayi ali pa 1. Choncho -0.69 uja akunena kuti amene anayenderedwa ndi mlangizi sakusiya feteleza kawirikawiri ngati enawo, zomwe munkayembekezera zija ndithu. Sinthani akhale 0 ayi 1 inde, B abwera 0.69 yemweyo wopanda minus. Mu Stata, pulogalamu ina yonga SPSS, ikanakukanirani chifukwa kumeneko chilichonse chosakhala 0 chimatengedwa ngati inde.

Msampha wina uli pa batani la Categorical, mukaikamo mlangizi osasintha kanthu SPSS imatenga gulu lomaliza, Last, kukhala lofanizira nalo ndiye B amatembenukanso. Sankhani First kenako mudine Change, ambiri amaiwala Change yo.

Tsopano kumasulira, apa ndi pamene ndikufuna mufatse. B payekha ndi log ya odds, samveka kwa munthu, werengani Exp(B), nambala yochulukitsira odds. Wa 0.69 ndi pafupifupi 2, wa -0.69 ndi 0.5. Koma 2 ameneyo satanthauza kuti alimi othira feteleza achuluka kawiri ayi. Odds ndi othira kugawa ndi osathira. Tingoyerekeza kuti mwa alimi 100 amene mlangizi sanawafikire 20 anathira 80 sanathire, odds ndi 0.25, kuchulukitsa ndi 2 ndi 0.5, kutanthauza othira mmodzi pa osathira awiri, ndiye ndi 33 pa 100 osati 40. Zikanakhala kuti anthu othira ndi ochepa kwambiri nambala ziwirizi zikanayandikana, koma feteleza ku Angónia kwathu kolima chimanga ndi mbatatesi si chinthu chosowa choncho kusiyanako kukhala kwakukulu.

Mulembe kuti odds za kuthira feteleza kwa oyenderedwa ndi mlangizi ndi kawiri poyerekeza ndi osayenderedwa, zina zonse za mu modelo zikakhala chimodzimodzi. Mu Options muchongenso CI for exp(B), yomwe imapereka malire a pansi ndi a pamwamba a Exp(B), ngati 1 ali pakati pa malire awiriwo simunganene motsimikiza kuti pali kusiyana. Mukasintha tumizani chithunzi cha Variables in the Equation mugulu muno tione limodzi.