Munthu wa ku Joni sapita kumudzi ndi zigamba?

Lachiwiri usiku ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amagwira ntchito ya m'nyumba ku Randburg. Akusoka chofunda cha zigamba choti akapereke pa ukwati wa mng'ono wake ku Balaka mu Disembala, koma anzake akutchalitchi amuuza kuti akayaluka, munthu wa ku Joni sapita kumudzi ndi zigamba. Akufunsa ngati apitirize kapena angogula bulangete.

Achemwali, kalata yanu ndinaiwerenga katatu, tulo osabwera. Mawu amene anzanuwo anakuuzani ndinawamvapo ine ndi makutu angawa, ndipo bala lake silinapole bwinobwino.

Ndiyambe ndi kuwaikira kumbuyo anzanuwo pang'ono, chifukwa zimene akunenazo zili ndi gwero. Agogo anga aamuna anabwera kuno kudzera ku Wenela, bungwe limene linkalemba anthu ntchito za kumigodi, nkumakumba golide kumadzulo kwa mzinda uno. Ndege ya Wenela itagwa ku Francistown mu Epulo 1974 nkupha Amalawi 74 amene ankabwerera kwawo, Kamuzu analetsa zolemba anthu a kumigodi, ndipo agogo anali m'gulu la amene anabwerera nthawi imeneyo. Anafika ndi bokosi lachitsulo, wailesi ndi mabulangete awiri. Limodzi agogo aakazi sanafundepo mpaka imfa yawo. Linkatuluka m'bokosi pokhapokha kukabwera mlendo wolemekezeka, kenaka nkuliyanika, kulipinda, kulibwezera. Bulangete la ku Joni linali umboni woti munthu sanatchone, anapita, anakhetsa thukuta, anakumbuka kwawo. Mpaka lero mukapita kokwerera mabasi a ku Malawi, kufupi ndi Park Station, mukaona zikwama za mabulangete zitaunjikana kudikira ulendo wa pa Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza. Tsono chigamba kwathu chimanena zina. Chigamba ndi cha pa kabudula wa mwana amene bambo ake alephera kugula wina. Tinakula tikubisa zigamba pokhala pansi m'kalasi. Ndiye munthu akamva kuti mphatso yochokera ku Joni ndi zigamba zolumikiza, mutu wake umathamangira ku usiwa.

Ine luso limeneli ndinaliphunzira chifukwa cha kuzizira. Ndinafika kuno mu Meyi, nkupeza kachipinda kakuseri ku Rosettenville, kasimenti pansi, malata opanda siling'i. Mzindawu uli pamwamba, mamita oposa 1,700, ndipo chisanu cha Juni ndi Julayi chimalowa m'mafupa mosiyana ndi chiperoni cha ku Thyolo chimene ndinkachiyesa kuzizira. Mmawa udzu unkadzuka woyera. Gogo wina wachizungu amene ndinkamugwirira ntchito ku Kensington ankasoka zimene iwo amati quilt, ndipo maso ake atayamba kufooka ndinkamulowetsera ulusi pasingano. Kuchoka pamenepo anayamba kundipatsa kuti ndidule, kenaka kuti ndilumikize. Chofunda changa choyamba chinali cha masiketi akale ndi nsalu zotsala za gogoyo, chokhotakhota, koma ndi chimene ndinafunda tsiku lija la 10 Julayi 2023 pamene chipale chinagwa mu Joni muno ana nkumathamangira panja kukachigwira.

Mayi anga anamwalira mu 2016. Pogawa zovala ine ndinapatsidwa zitenje zisanu: cha Mvano, cha ukwati wa azakhali, china chobiriwira chimene ankavala popita kumunda, ndi ziwiri zimene anatiberekera tonse asanu kumbuyo mpaka zinafewa ngati thonje. Ndinabwera nazo kuno. Chaka chotsatira achimwene anga otsiriza ankakwatira, ndipo ndinati mayi sadzakhalapo pa ukwatiwu koma nsalu zawo zidzakhalapo. Cha Mvano ndinachisiya, sindikanachidula. Zinayi zinazo ndinazidula timabwalo ta mbali zinayi zofanana, nkuphatikiza ndi shweshwe wabuluu, nsalu ya kuno ya timadontho, amene ndinagula ku Oriental Plaza ku Fordsburg. Miyezi isanu ndi iwiri, usiku uliwonse ndikaweruka, zala zikutuluka magazi. Kulumikiza ndinachita pa makina, koma kusoka kodutsa mbali zonse zitatu ndinachita pamanja, chifukwa makina anga aang'ono sakanatha kumeza chinthu chachikulu choncho.

Pa perekaniperekani ndinapita nacho kutsogolo ndikuvina. Wolengeza anachifunyulula, nkunena pa chimkuzamawu kuti achemwali a ku Joni abweretsa zigamba. Anthu anaseka. Ena anaombera m'manja mwaulemu chabe. Wotsatira wanga anapereka bulangete lamaluwa la m'chikwama cha pulasitiki, ntchemberezo nthungululu.

Zimenezo ndikanapirira. Chimene chinandithyola msana ndinachiona patapita chaka. Ndinafika pakhomo pa achimwenewo masana, nkupeza chofunda chija chili pabwalo, ayanikapo mphale, nkhuku zikuyendapo m'mbali. Pakona imodzi chiswe chinali chitalawa kale. Ndinaima osalankhula. Alamu anga anatuluka mokondwa kudzandilandira chikwama, osadziwa kanthu.

Ndinawasungira mkwiyo alamuwo pafupifupi zaka ziwiri, ndipo pano ndimavomera kuti sunali wawo wonse. Iwo mayi anga sanawaonepo atavala chitenje chobiriwira chija. Anabwera pabanja maliro atachitika kale. Ine sindinawauze kanthu, ndinangoganiza kuti nsaluyo idzalankhula yokha. Amene anazindikira ndi achemwali anga aakulu, amene anafika madzulo a tsiku lomwelo, nkuona kabwalo kamodzi, nkukhala pansi pomwepo kuyamba kulira ngati uthenga wangofika kumene. Anakutumula mphale ija, nkupita nacho kwawo, ndipo chili pabedi pawo mpaka lero, pakona podyedwa paja atasokapo chigamba china.

Kuyambira pamenepo ndinaumitsa mtima, ndipo sindibisa. Sindisokeranso aliyense. Munthu akandiuza kuti mundisokereko kamodzi, ndinu aluso, ndimamufunsa kuti abweretsa nsalu ya ndani. Akati ina iliyonse, ndimamulozera kusitolo. Ena amati ndadzikuza. Koma miyezi isanu ndi iwiri ya munthu amene amadzuka 4 koloko kukakwera takisi ziwiri si chinthu choponya pagulu kuti wolengeza achiseweretse. Ndipo zimandipweteka kuti ife amene timadziwa chitenje chilichonse ndi mbiri yake, ichi cha chinkhoswe chakuti, ichi cha maliro akuti, ichi cha msonkhano wa amayi wa chaka chakuti, ndife amene timanyoza nsalu zomwezo zikalumikizidwa. Bulangete la m'chikwama lija zikwi za anthu ali nalo lofanana. Likakumana ndi kandulo limasungunuka ngati jumbo. Chikomekome cha mkuyu. Sindikunena mabulangete onse, aja a Abasotho opangidwa ku Randfontein ndi katundu weniweni ndipo eni ake amawalemekeza, lililonse lili ndi dzina ndi nthawi yake yovalira. Ife bwanji sitingachite chimodzimodzi ndi zitenje za amayi athu, m'malo mozisiya m'sutikesi kuti njenjete zimalize?

Pali china chimene anzanuwo sanaganize. Mwati Balaka, mu Disembala. Ndani amafunda bulangete lokhuthala la ku Joni ku Balaka? Lidzakhala pamwamba pa wodirobu m'chikwama chake, kudikira milungu ingapo ya Juni. Chofunda chopyapyala cha thonje adzachigwiritsa ntchito chaka chonse, ndipo mwana akadzabadwa ndi pomwe adzam'goneke.

Ndikhoteko pang'ono pa shweshwe, chifukwa ambiri mumandifunsa. Weniweni amapangidwa ndi Da Gama ku Zwelitsha, ku Eastern Cape, ndipo kuseri kwake kuli chidindo cha amphaka atatu. Ndi thonje lokhalokha, m'lifupi mwake masentimita 90 okha, choncho pogula muziwerengera kuti ndi wopapatiza kuposa chitenje. Akakhala watsopano amauma gwa ndi sitachi ndipo amakhala ndi kafungo kake, mukamuchapa amafewa. Dzinalo amati linachokera kwa Mfumu Moshoeshoe ya Abasotho, imene amishoni a ku France anaipatsa nsalu yotereyi m'zaka za m'ma 1840. Ndimamukonda chifukwa timadontho take tating'ono timakhazika pansi maluwa aakulu a chitenje, diso limapeza popumira. Ndipo chofunda chokhala ndi chitenje cha kwathu ndi shweshwe wa kuno chimanena zoona za moyo wathu matchonafe kuposa china chilichonse chimene ndingagule pa Small Street.

Zoti musaiwale posoka

Chapani nsalu iliyonse payokha musanadule. Zitenje zina, makamaka zofiira, zimatulutsa utoto, ndipo shweshwe amabwerera pang'ono akalawa madzi koyamba. Zitenje zambiri zotchipa masiku ano ndi zosakaniza ndi polyester. Dulani kachidutswa muyatse: thonje limapsa nkusiya phulusa lofewa, polyester amasungunuka nkuuma ngati mkanda. Musaphatikize ziwirizi ngati mungathe, chifukwa simbi yotentha bwino pa thonje imawononga chinacho. Chitenje chakale chimene chapyapyala kwambiri muchiikire kansalu kena kunsi, apo ayi chidzayamba kung'ambika chisanathe chaka.

Bedi la anthu awiri kuno ndi masentimita 137 m'lifupi ndi 188 m'litali, ndiye chofunda cha 200 ndi 220 chimagwera bwino m'mbali. Ngati timabwalo tanu ndi ta masentimita 10, mufunika 440, ndipo podula muwonjezere mamilimita 6 mbali iliyonse a msoko. Msoko umenewu ukhale wofanana paliponse, ndi pamene pagona ntchito yonse. Sitani mzere uliwonse mukaumaliza. Pakati ikani batting wopyapyala, chinsalu chofewa choika mkati mwa chofunda, kapena bulangete lakale lopepuka ngati ndalama yavuta, ndi mmene ndinachitira changa choyamba. Nthawi ikakutherani musasoke mizere yonse pamanja, ingomangani mfundo ndi ulusi wokhuthala pamphambano ya timabwalo, zimagwira.

Ndikukumbuka kuti usiku wina magetsi atazima ndinapitiriza kudula ndi tochi ya foni, mmawa nkupeza timabwalo makumi atatu tochepa. Sindinatitaye. Tinakhala kachofunda ka mwana wa mnzanga wa ku Mangochi amene timakhala naye mpanda umodzi, ndinamupatsa tsiku lotuluka chikuta. Mwanayo pano ali kusukulu ndipo akadali kukakokera kulikonse. Mayi ake anandithandiza kusankha nsalu, muli malaya a bambo ake a mwanayo. Mphatso imeneyo sinafune kufotokozera.

Tsono inu achemwali, pitirizani, musasiye. Koma pa perekaniperekani musapite nacho. Ponyani ndalama zanu kumeneko monga aliyense, ndipo ngati thumba likulola gulani bulangete kuti akuchimuna aone kuti mkwatibwi ali ndi mkulu wake ku Joni, palibe cholakwa. Chofundacho mukam'patse mng'ono wanu awiriwiri m'chipinda, usiku woti mawa ukwati, muchiyale pabedi ndipo mumulozere kabwalo kalikonse kuti aka kachokera pa chiyani. Ngati mulibemo nsalu imene iye angaizindikire, nthawi ikadalipo, imbani foni kumudzi akutumizireni pa basi chitenje chimodzi cha mayi anu kapena diresi yake ya ali mwana. Kuseri kwake musokepo kansalu kolembapo dzina lake, lanu ndi chaka, kuti apongozi ake akadzachinyamula adziwe kuti chili ndi mwini.