Mbewu ya thonje yochokera ku Salima: abzale kapena ayi?

Mayi wina wa ku Chipangali, kuno ku Zambia, wandilembera pa imelo. Alongo awo anapita kumaliro kwa apongozi awo ku Salima, m'dziko la Malawi, ndipo pobwerera anatenga kathumba ka mbewu ya thonje la GMO (mbewu imene asayansi anaisintha chibadwa), lija akuti mbozi sizilidya. Mayiwa akufunsa ngati alongo awowo angabzale mbewuyo, komanso chifukwa chimene boma lathu limakanizira chinthu chimene anzathu a kuseri kwa malire a Mwami akulima poyera.

Amayi, funso lanu landitokosa pachilonda, ndipo mundilole ndiyambire patali.

Mu 2002 ndinali mnyamata wa sekondale, ndipo kwathu ku Katete nkhokwe inatha tisanayambe n'komwe kusosa. Amayi anga ankapita kukagwira ganyu m'madimba a anthu, malipiro ake n'kukhala mbale ya gaga, ndipo masiku ena tinkagonera mango aawisi ophika. Ndi m'nyengo imeneyo pamene tinamva pa wailesi kuti Pulezidenti Levy Mwanawasa wakana chimanga chothandiza anthu chochokera ku America, chimene chinabwera kudzera ku World Food Programme, ponena kuti sangadyetse anthu ake poizoni ngakhale ali ndi njala. Malawi, Zimbabwe ndi Mozambique anavomera chimanga chomwecho pokhapokha chitagayidwa kaye kuti wina asachibzale, koma Zambia inakana ngakhale ufa wake. Boma linatumiza asayansi athu kumayiko akunja kukafufuza, ndipo atabwerako chigamulo sichinasinthe.

Atate anga ndi amalume anakangana za nkhaniyi masabata angapo pansi pa mtengo wa mango. Atate ankati Pulezidenti wachita bwino, chifukwa chakudza sichiimba ng'oma, ndipo ife timadya nsima m'mawa, masana ndi madzulo, pamene eni chimangacho ambiri amadyetsa ziweto. Amalume ankati mwana akulira ndi njala lero, ndipo matenda a zaka makumi awiri zikubwerazo adzaoneka pa nthawi yake. Amayi sankalowererapo. Tsiku lina akupeta gaga uja m'lichero, akutola timiyala ndi anankafumbwe, anangonena osakweza n'komwe mutu kuti, "Inu abambo mukukangana za chimanga chimene palibe mmodzi wa inu wachionapo."

Sindiwaweruza a Mwanawasa. Panthawiyo dziko linalibe lamulo loyang'anira mbewu zotere, ndipo mantha akuti chimanga chachilendo chingasakanikirane ndi chimanga cha makolo, kapena kuti misika ya ku Europe ingakane zokolola zathu, sanali mantha a munthu wopusa. Chimene chimandipweteka ndi zimene zinatsatira. Mu 2007 nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo la Biosafety Act, ndipo kuchokera m'lamulo limeneli munabadwa bungwe la National Biosafety Authority. Lamulolo silinena kuti GMO ndi yoletsedwa mpaka kalekale. Limanena kuti aliyense wofuna kulowetsa m'dziko, kuyesa kapena kulima chinthu chotere ayambe watenga chilolezo ku bungwelo, ndipo bungwelo liyambe laona ngati pali choopsa kwa anthu, ziweto ndi chilengedwe. Bungwe lomwelo lakhala likupereka zilolezo zolowetsa zakudya zopangidwa kale zimene muli GMO, kotero kuti munthu wa m'tauni amene amagula phala la m'paketi lochokera ku South Africa, kumene chimanga chochuluka ndi cha GMO, akhoza kukhala kuti anayamba kalekale kudya chimene mlimi wa ku Chipangali amauzidwa kuti ndi poizoni. Kodi ndani anapita kumidzi kukafotokoza zimenezi m'chinenero chathu?

Zotsatira zake timaziona pamsika wa Kapata ndi pamisonkhano ya makopaletivu. Ena amati mbewu iliyonse ya haibulidi ndi GMO. Ena amakana chimanga chofiirira chija cha vitamini A, chimene chinatulutsidwa kuno mu 2012, poganiza kuti mtundu wake ndi umboni wakuti achikonza ndi mankhwala, chonsecho chinapezeka mwa kukwatitsa mitundu ya chimanga monga momwe akatswiri a ku Msekera amachitira ndi mbewu zina. Nkhuku yoyera ikakula msanga, nayonso akuti ndi GMO. Anthu athu si ogona ayi, koma anapatsidwa liwu limodzi loopsa, kenaka n'kusiyidwa nalo zaka zoposa makumi awiri.

Thonje limene alongo anu abweretsa limatchedwa Bt, ndipo Malawi inalola alimi ake kulilima kuyambira cha mu 2019. Asayansi anatenga kachidutswa ka chibadwa cha kachilombo kena ka m'dothi, kotchedwa Bacillus thuringiensis, n'kukaika m'thonje, kotero kuti mbewuyo imadzipangira yokha chinthu chopha mbozi zoboola zibalobalo. Aliyense amene anaberekapo sipuleya kumsana m'mwezi wa Febuluwale, mankhwala akumuchucha m'malaya, mutu ukuwawa mpaka madzulo, amvetsa chifukwa chake alimi amakopeka nalo. Koma nsabwe za thonje ndi tizilombo tina toyamwa masamba sizifa nalo, choncho kupopera kumachepa koma sikutha. Mbewuyo ndi ya haibulidi, ndi yodula, ndipo imafunika kugula yatsopano chaka ndi chaka. Ku Burkina Faso analima thonje la Bt kuyambira mu 2008, n'kulisiya mu 2016 chifukwa ulusi wake unkatuluka waufupi ndipo mtengo wa thonje lawo unatsika pamsika wa kunja. Mbozi zinagonja, koma ogula anayamba kudandaula.

Apa ndiye pali maganizo anga, ndipo ndiwanena mosapita m'mbali. Sindikhulupirira kuti thonje limeneli kapena chimanga cha mtundu wake ndi poizoni, popeza anthu a ku South Africa achidya kuyambira zaka zoposa makumi awiri zapitazo. Chimene ndimaopa ndi funso lakuti mwini mbewu adzakhala ndani. Mlimi wa thonje kuno ndi womangidwa kale: kampani imamupatsa mbewu ndi mankhwala pa ngongole, ndipo kampani yomweyo ndi imene imadzatchula mtengo pa sikelo. Mlimi wa chimanga nayenso amadikira FISP, pulogalamu ya boma yothandiza alimi ndi feteleza ndi mbewu, imene feteleza wake m'zaka zina amafika chimanga chitafika kale m'mawondo, kenaka amadikira FRA, bungwe la boma logula chimanga, kuti imulipire. Mukaika pamwamba pa zonsezi mbewu imene mwini wake ali kunja kwa dziko, boma lisanakonze za mtengo wake ndiponso za ufulu wa mlimi wosunga ndi kugawana mbewu ya makolo, ndiye kuti mwangowonjezera chingwe china. Komanso kukana osayesa n'komwe ndi ulesi wa boma, pakuti malo ofufuzira tili nawo, ku Msekera kuno, ku Mount Makulu ndi ku Magoye kumene amakonza mbewu za thonje. Mbozi za ntchemberezandonda zitalowa m'dziko kumapeto kwa 2016, mpaka ndege za asilikali zinanyamula mankhwala kupita m'zigawo, ndipo kuyambira pamenepo timapopera chaka chilichonse. Kodi sikunali koyenera kuti asayansi athu ayese m'minda yotchingidwa, n'kutiuza poyera zimene apeza?

Magetsi ndi makala

Mwina mukuona ngati ndasochera, amayi, koma khalidwe lodikira tsoka kuti tiyambe kuganiza silili pa mbewu pokha. Pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala ndi tsoka la dziko lonse, ndipo ananena kuti pafupifupi mahekitala 1 miliyoni mwa mahekitala 2.2 miliyoni a chimanga anali atawonongeka. Palibe mbewu, kaya ya GMO kaya ya makolo, imene ikanapirira masabata onse aja opanda dontho. Chilala chomwecho chinatsitsa madzi ku Kariba, ndipo popeza magetsi athu oposa 80 peresenti panthawiyo ankachokera ku madzi, pofika Seputembala m'madera ambiri magetsi ankazima maola 21 pa tsiku. Tinali titaona kale zoterezi mu 2015 ndi mu 2019. Komabe chinthu chachikulu chimene tinamaliza pakati pa zaka zimenezi ndi Kafue Gorge Lower, ya mamegawati 750, imenenso imadalira mvula yomweyo. Malo opangira magetsi a dzuwa a ku Chisamba, a mamegawati 100, anatsegulidwa mu 2025, mdima utatiphunzitsa kale.

Kuno ku Chipata chigayo cha pafupi ndi kwathu chinkagaya pakati pa usiku, ndipo amayi ankagona pamzere ndi matumba awo, ana ali kumsana, kudikira kuti makina alire. Amene anali ndi mbaula ya magetsi anabwerera ku makala, ndipo njinga zonyamula matumba atatuatatu zinkatsika m'mapiri m'bandakucha. Sindiwadzudzula owotcha makalawo, chifukwa chimanga chawo chinali chitapsa ndipo ana awo ankafuna kudya.

Madzi osefukira

Phiri likametedwa, mvula ikagwa madzi salowanso pansi. Amathamanga ndi dothi ndi miyala kulowa mu Lunkhwakwa ndi m'ngalande zodzaza zinyalala, n'kulowa m'nyumba za anthu okhala kumunsi. Kuchigwa cha Luangwa, ku Mambwe ndi ku Lumezi, mitsinje ikadzaza imakokolola minda ndi milatho, ndipo a DMMU, nthambi ya mu ofesi ya wachiwiri kwa Pulezidenti, amabwera ndi matenti, ufa ndi mabulangete. Thandizo limeneli ndi lofunika ndipo anthu amaliyamikira. Koma ndalama zokonzera ngalande, zomangira madamu aang'ono osunga madzi a dzinja kuti tithirire m'chilimwe, ndi zobwezeretsa mitengo m'mbali mwa mitsinje, sizipezeka mwachangu monga momwe matenti amapezekera.

Nsomba nazonso n'chimodzimodzi. Chaka chilichonse kuyambira pa 1 Disembala mpaka kumapeto kwa Febuluwale boma limatseka usodzi m'mitsinje yambiri kuti nsomba ziswane, ndipo lamulo limeneli ndi lanzeru. Vuto ndi lakuti miyezi imeneyi ndiyo ya njala, ndipo msodzi wa ku Luangwa akauzidwa kuti apachike ukonde popanda china chochita, amapita usiku ndi neti yoteteza udzudzu, imene imakokolola ngakhale timwana ta nsomba. Maiwe a nsomba akanathandiza, koma mlimi wa kuno akakumba dziwe amapeza kuti ana a nsomba ndi chakudya chake n'zochokera kutali ndipo n'zodula. Lamulo limalembedwa ku Lusaka, wapolisi amalanda ukonde pa doko, ndipo pakati pa awiriwa mlangizi wofotokoza ndi kuthandiza amasowa.

Tsono kwa alongo anu, amayi, yankho langa ndi lakuti asabzale. Kulowetsa ndi kubzala mbewu ya GMO popanda chilolezo cha National Biosafety Authority ndi mlandu, ndipo kampani yogula thonje ikhoza kukana zokolola zawo ndi za oyandikana nawo. Komanso mbewu ya m'kathumba kopanda chizindikiro palibe angatsimikize kuti ndi yeniyeni, ndipo ngati ndi yobwereza kuchokera m'munda wa apongozi, siidzabereka monga inaberekera ku Salima. Asaitaye kudzala kumene ingamere, asagawireko mnzawo, koma akafunse alangizi a zaulimi a m'dera lanu chochita nayo. Chaka chino abzale mbewu yovomerezeka ndi SCCI, bungwe la boma loyesa ndi kuvomereza mbewu, abzale ndi mvula yoyamba, ayendere munda sabata iliyonse kuti apopere pokhapokha mbozi zaoneka, ndipo akakolola azule ndi kuwononga mapesi onse. Funso lanu lachiwirilo mukalifunse mokweza pamsonkhano wa kopaletivu, ndipo phungu wa ku Chipangali akabwera kudzaona ntchito za CDF, thumba la ndalama za chitukuko cha m'dera, mukamufunsenso pamaso pa amfumu.