Funsani Anamwino: Bambo akumatsamwa usiku chidwalireni sitiroko

Anamwino, ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Ndirande ndipo ndikusamalira bambo anga ondibereka a zaka 68 omwe anadwala sitiroko miyezi iwiri yapitayo, bipi anali nayo kalekale koma mankhwala ankamwa mwa apo ndi apo. Ku Queens anatuluka mbali yakumanja itafooka, kuyankhula kukuvuta pang'ono, koma chomwe chandisowetsa mtendere ndi kadyedwe. Akangomwa tiyi kaya madzi amatsokomola mpaka misozi, nsima amangoisunga m'tsaya osameza, ndiye usiku cha m'ma 1 kapena 2 koloko amadzidzimuka akubanika, kukhosi kukulira ngati madzi akuwira, nyumba yonse kudzuka kuwakhazika tsonga. Azakhali akuti izi si zachipatala ayi, alipo amene akumawakanyanga pakhosi usiku, ndiye akufuna tiwatengere kumudzi ku Chiradzulu. Ine tulo ndinaiwala, ndimangokhalira kumvetsera ngati akupuma. Nditani?

Mwana wawo, Ndirande

Pepani mayi ndi matendawa, ndipo mwachita bwino kufunsa musanakweze madala minibasi ya ku Chiradzulu. Azakhali musakangane nawo, akuchita mantha ngati inu nomwe, koma chomwe chikuwakanyanga bambo chili m'kamwa mwawo momwemo, ndi malovu awo komanso zotsalira za mgonero.

Pakhosi pathu pali njira ziwiri zogundizana, yakutsogolo ndi kholingo lopita kumapapo, yakumbuyo ndiyo ya chakudya. Tikameza, kholingo limakwera n'kutsekeka kwa sekondi imodzi chabe kuti mbamu idutse, ife osadziwa n'komwe, ubongo ndi womwe umayendetsa zonsezo. Sitiroko ikagunda, lilime, tsaya ndi minofu yakukhosi mbali imodzi zimafooka ngati mmene wafookera mkonowo, chitseko chija chimachedwa, ndiye madzi poti amathamanga amalowa kaye kusanatsekeke. N'chifukwa chake tiyi akuwavuta kuposa phala, anthu ambiri zimawadabwitsa zimenezi, amaganiza kuti madzi ndiye osavuta. Pafupifupi theka la odwala sitiroko amavutika kumeza masiku oyamba ndipo ambiri zimasintha pakangotha masabata ochepa, koma zanu zafika miyezi iwiri, ndiye zikufunika kuonedwanso, osangodikira tsiku la cheki-apu.

Za usikuzo. Munthu amapanga malovu pafupifupi lita imodzi patsiku ndipo timameza osaganiza, koma kutulo timameza kamodzikamodzi. Bambo akagona chagada malovu amasonkhana kukhosi, kuphatikizapo ka nsima kaja kanabisala m'tsaya, nthawi zina ndi zam'mimba zobwerera mmwamba ngati agona atangodya, zonsezo n'kutsetserekera ku kholingo. Kutsokomolako ndiye chitetezo chawo, musamawaletse. Ine amene amandiopsa kwambiri ndi wodwala wosatsokomola, amene kukhosi kunachita dzanzi moti chakudya chimalowa m'mapapo mwakachetechete, abale n'kumati wadya bwino lero, patapita masiku atatu thupi latentha, chibayo. Chibayo chotere chimatenga odwala sitiroko ambiri amene sitirokoyo inawasiya amoyo.

Ndiye yambani ndi mgonero. Adye dzuwa likulowa, pakhale maola awiri kapena atatu asanagone, ndikudziwa kwathu kuno nsima ya usiku imapsa mochedwa makamaka magetsi akazima, koma awo aphikireni zawo msanga. Podya akhale tsonga penipeni pampando, osati chotsamira pabedi mutu uli chagada, chibwano chiwerame pang'ono. Inu mukhale pansi moyang'anizana nawo, mukaimirira iwo amadzutsa mutu kuyang'ana supuni ndipo kholingo limatseguka. Supuni yaing'ono ya tiyi, muike mbali yamphamvu, kwa iwo ndi kumanzere, mudikire ameze, amezenso kachiwiri, kenako muwauze anene "aaa". Mawu akamveka onyowa ngati akuyankhulira m'madzi, imani kaye atsokomole. Wailesi izime, adzukulu asamawayankhulitse chakudya chili m'kamwa, ndipo ngati akuodzera musawadyetse olo pang'ono. Akatha akhalebe tsonga mphindi 30.

Chizolowezi chathu chija chothira madzi m'kamwa kuti nsima itsike, chonde chisiyeni. Ndaonapo magadiyani achikondi kwambiri akuchita zimenezi m'mawodi, wodwala ali chigonere, kapu ili pakamwa, ndipo mtima umandiwawa chifukwa akuchita ndi mtima wabwino.

Zakudya zikhale zofewa komanso zamtundu umodzi m'kamwa. Phala la mgaiwa kapena likuni lothira nsinjiro zosefa bwino, nthochi yakupsa yokanya, peyala, maungu, mbatata yophwanya, nyemba zosenda makoko n'kuzipota, chambiko kapena yogati. Nsima ikhale yofewa kwambiri ndipo mbamu zing'onozing'ono zonyowetsedwa ndi msuzi wokhuthala. Mpunga umamwazika, usipa ndi bonya zili ndi minga, mtedza wokazinga, chimanga chootcha, mabisiketi ndi buledi wouma ayi, chiponde chokhachokha chimamata kukhosi. Thobwa ndi lonyenga, ndi lamadzi koma lili ndi timisere, mulisefe ndipo likhale lokhuthala. Pomwe ambiri amalakwitsa ndi poti akaona madzi akutsamwitsa amangosiya kumwetsa, wodwala n'kuuma thupi. Amwe ndithu, pang'onopang'ono ndi supuni, kapena phala lamadzimadzi losalala, ndipo muziona mkodzo, ukachepa n'kuda ndiye kuti madzi akuperewera.

Chinthu chotchipa kuposa zonse koma chonyozeka ndi mswachi. Akatha kudya yang'anani m'tsaya lakumanjalo, chotsani zotsalira ndi kansalu koyera kokulunga kuchala, atsukeni mano ndi lilime mmawa ndi usiku asanagone, mano oikirira achotsedwe. Malovu akalowa m'mapapo kuchokera m'kamwa moyera sapweteka ngati ochokera m'kamwa momwe mwagona nsima.

Pogona agone chammbali, ndipo mukweze kuyambira m'chiuno kupita kumutu, osati kuunjika mapilo pansi pa mutu pokha chifukwa khosi limapindika. Pindani bulangete muike pansi pa matiresi, kapena njerwa kumiyendo yakumutu kwa bedi. Mapilitsi ogonetsa ndi mowa, ngakhale katoti kamodzi, zimagonetsanso chifuwa chomwe chikuwatetezacho. Mapilitsi a bipi akamavuta kumeza musangowasinja, ena monga nifedipine wotuluka pang'onopang'ono uja akasinjidwa amagwetsa bipi nthawi imodzi, funsani kaye adokotala kapena a ku famase.

Usiku wina mumvetsere bwino, poti simukugona kale. Ngati akuliza mkonono kwambiri, kenako zii kwa masekondi angapo, kenako n'kudzidzimuka ndi befu, limenelo ndi vuto lina, njira ya mpweya ikumatsekeka kutulo, ndipo n'lofala kwa odwala sitiroko komanso limakweza bipi. Ngati akubanika akangogona chagada ndipo mapazi akutupa, adokotala aunike mtima. Ajambuleni pa foni kavidiyo kakafupi mukaonetse, kamathandiza kuposa kufotokoza.

Tsiku lomwe chakudya chatsekereza ndithu, sakutha kutsokomola kapena kutulutsa mawu, musapise chala kukhosi, musapereke madzi. Aweramitseni, menyani pakati pa mapewa ndi chikhatho mwamphamvu kasanu, zikakanika agwireni chakumbuyo, chibakera pamwamba pa mchombo, kokerani mkati ndi mmwamba kasanu, kubwereza mpaka chituluke. Thupi likatentha, akamapuma mothamanga, milomo ikada kapena akayamba kusokonezeka mutu, nyamukani nthawi yomweyo kaya ndi usiku.

Sabata ino pitani nawo ku heluthi senta ya Ndirande akulembereni kalata ya ku Queens, mukanene mawu oti akutsamwa akamamwa komanso usiku. Funsaninso za mafizo, ku Queens komweko kapena ku chipatala cha mafizo cha Kachere. Akakuuzani za chubu cha m'mphuno musathawe, anthu amati chubu ndiye kuti munthu watha, bodza, chimangopatsa thupi chakudya pomwe khosi likuchira, ndipo ambiri amadzachichotsa. Usikuwo muzisinthana ndi abale, azakhaliwo apatseni ntchito ya mswachi.

*

Anamwino, amuna anga ali ndi matenda onjenjemera aja a Parkinson, mmawa pilo amakhala atanyoweratu ndi dovu ndipo usiku amatsamwa nalo. Kodi mankhwala ndi amene akuchulukitsa malovu? Ndiwasiyitse?

Mayi wa ku Chilomoni

Ayi mayi, musayerekeze, mankhwala a Parkinson sasiyidwa mwadzidzidzi, thupi limatha kuuma gwaa n'kumeza komwe kuipiraipira. Malovu sanachuluke, abambowo ndi amene akumeza mwa apo ndi apo chifukwa matendawa amachedwetsa minofu yonse, yakukhosi yomwe. Zambiri zomwe ndawauza mayi a ku Ndirande zikukhudzani, kugona chammbali, mswachi, mgonero wamsanga. Chowonjezera n'chakuti ngati mankhwala a Parkinson omwe akumwawo ndi levodopa muziwapatsa chakudya patapita mphindi 30 mpaka ola limodzi atamwa, nthawi imene thupi lamasuka, ndipo masana muziwakumbutsa kumeza, chingamu chimathandiza ena bola akhale tsonga ndipo ali maso. Mukapita ku kiliniki mukanene za dovulo, alipo mankhwala ochepetsa malovu koma kwa achikulire ena amasokoneza mutu n'kumanga m'mimba, ndiye asankhe ndi adokotala, osati ogula pa kauntala ku Limbe.