Mudzi wa Privolnoye sunasamuke, chinasintha ndi dzina la boma

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Chipata, amene bambo awo anakaphunzira ku Soviet Union n'kubwerako ndi mkazi wachirasha. Mkazi wachirashayo, amene ndi mayi awo, anamwalira, ndipo m'sutikesi mwawo munapezeka chikalata cha kubadwa cha chaka cha 1950, chonena kuti anabadwira m'mudzi wa Privolnoye, m'boma la Molotovsky, m'chigawo cha Stavropol. Afunafuna bomalo pa mapu onse osalipeza, ndiye akufunsa ngati chikalatacho n'chabodza kapena ngati mudziwo unatha.

Mayi, funso lanu landitosa pachilonda, choncho mundilole ndiyambe ndi zanga. Malemu bambo anga anabadwira m'tsinde mwa phiri la Michesi, ndipo pepala lawo lakale la kuntchito, lolembedwa m'nthawi ya atsamunda, limati kwawo ndi ku Mlanje. Ankalisunga lopinda panayi m'kajumbo ka shuga, ndipo linali litachita chikasu moti politambasula pamafunika dzanja lofatsa kuti lisang'ambike m'mizere yopindamo. Atamwalira, chikalata cha imfa chinalembedwa kuti kwawo ndi ku Phalombe, chifukwa boma limenelo linapatulidwa ku Mulanje m'chaka cha 1998. Nditapita nazo zonse ziwiri ku ofesi ina kukalondola ndalama zawo, kalaliki wachinyamata anayang'ana pepala ili, n'kuyang'ana ilo, kenako n'kundibwezera onse ndi nsonga za zala, akuti awa ndi anthu awiri osiyana. Ndinayenda maulendo atatu, ulendo uliwonse ndikulipira minibasi, mpaka ndinabwera ndi kalata ya amfumu yochitira umboni kuti mudzi wathu sunanyamulidwe kupita kwina. Kuyambira pamenepo ndinayamba kuwerenga za mmene maboma amasinthira malire ndi mayina, ndipo m'zonse zimene ndawerenga sindinaone kwina kumene anachita zimenezi mopanda chifundo ngati kwawo kwa mayi anu.

Privolnoye ndi mudzi wa alimi a tirigu umene uli m'mbali mwa mtsinje wa Yegorlyk, kummwera kwa Russia, ndipo umadziwika chifukwa ndi kumene Mikhail Gorbachev, mtsogoleri womaliza wa Soviet Union, anabadwira pa 2 Malichi 1931. M'nthawi ya mafumu a Russia dziko linali logawidwa m'zigawo zazikulu zotchedwa guberniya, zimene zinagawidwanso m'maboma otchedwa uyezd, ndipo pansi pake panali timagulu ta midzi totchedwa volost. Privolnoye unali m'guberniya ya Stavropol, mu uyezd wa Medvezhensky, umene likulu lake linali mudzi waukulu wa Medvezhye, dzina lochokera ku mawu achirasha otanthauza chimbalangondo. M'chaka cha 1924 boma la chikomyunizimu linathetsa guberniya imeneyi n'kuiphatikiza m'chigawo chachikulu kwambiri cha North Caucasus, cholamulidwa kuchokera ku Rostov-on-Don. Maboma anayamba kutchedwa raion, ndipo mudzi unkayendetsedwa ndi khonsolo yotchedwa selsoviet. Patapita zaka khumi chigawocho chinagawidwa pawiri, likulu la mbali imene munali Privolnoye n'kukhala Pyatigorsk.

Mpaka apa munthu angathe kunena kuti ndi ntchito wamba ya kayendetsedwe ka dziko, koma zimene zinatsatira n'zimene zimandikwiyitsa. M'chaka cha 1935 Medvezhye anatchedwa Yevdokimovskoye polemekeza Yefim Yevdokimov, munthu wa polisi yachinsinsi amene panthawiyo anali mkulu wa chipani m'chigawocho, ndipo boma lonse linatenga dzina lake. Chaka chomwecho mzinda wa Stavropol unatchedwa Voroshilovsk, ndipo mu 1937 chigawo chonse chinapatsidwa dzina la Sergo Ordzhonikidze, mmodzi wa akuluakulu a chipani amene anali atangomwalira. Yevdokimov anamangidwa mu 1938 n'kuomberedwa mu 1940, ndiye dzina lake silikanakhalanso pa chidindo cha boma. Mu 1939 mudzi uja wa chimbalangondo unasanduka Molotovskoye, potengera Vyacheslav Molotov, mnzake wapamtima wa Stalin, wolamulira dzikolo panthawiyo. Limeneli ndilo boma la Molotovsky limene mukuliona pa chikalata cha mayi anu. Mu Januwale 1943, mwezi umene asilikali a Germany ankathamangitsidwa m'derali, mzinda ndi chigawo chomwe zinatenga dzina la Stavropol, n'chifukwa chake pepala la 1950 likutchula Stavropol pamodzi ndi Molotovsky popanda kutsutsana kulikonse. Mu 1957 Molotov, pamodzi ndi akuluakulu anzake Malenkov ndi Kaganovich, anayesa kuchotsa mtsogoleri wa chipani Nikita Khrushchev pampando koma analephera, ndipo dzina lake linafufutidwa paliponse: mzinda wa Molotov unabwerera kukhala Perm, ndipo Molotovskoye anakhala Krasnogvardeyskoye, kutanthauza malo a asilikali ofiira oteteza chisinthiko, dzina limene lilipo mpaka lero.

Tawerengani bwino. Munthu wobadwa m'mudzimo mu 1930, pofika zaka 27 anali atakhala m'maboma a mayina anayi osatuluka m'khola la ng'ombe za bambo ake. Ine ndimati kupatsa boma dzina la wandale amene akali moyo ndi kupanda nzeru, ndipo sindivomereza zimene ena amanena zoti dzina ndi dzina chabe. Wandaleyo akagwa, amene amavutika ndi mayi wamasiye wonyamula mapepala, amene kalaliki akumuuza kuti boma lake kulibe. Atsogoleri a Soviet Union eni ake anafika pozindikira zimenezi, pakuti mu 1957 momwemo anakhazikitsa lamulo loletsa kutcha malo mayina a anthu amoyo, ngakhale kuti anachita zimenezi madzi atafika kale m'khosi. Ndiponso dzanja limene linkafufuta mayina pa mapu ndi lomwelo linkachotsa anthu m'nyumba zawo: agogo ake a Gorbachev a kuchikazi, Panteley Gopkalo, amene anali tcheyamani wa munda wa onse wotchedwa kolkhoz, anamangidwa mu 1937, bomalo likali ndi dzina la Yevdokimov, ndipo anakhala m'ndende miyezi 14 asanamasulidwe. Nkhani ya mayina a maboma imaoneka youma, koma mukaifukula mumapezamo anthu.

Zoyenera kuchita

Chikalata chanu chikugwirizana ndi mbiri ya malowo, ndipo mudziwo ulipo. Midzi yotchedwa Privolnoye ndi yambiri ku Russia, popeza dzinali limangotanthauza malo otakasuka, koma kuphatikiza kwa Molotovsky ndi Stavropol kukuloza umodzi wokha, wa m'boma la Krasnogvardeysky. Kaundula wa obadwa mu 1950 amasungidwa ndi ofesi yolembera kubadwa, maukwati ndi imfa yotchedwa ZAGS, choncho lemberani ofesi ya ku Krasnogvardeyskoye, m'Chirasha, mutchule dzina lakale ndi latsopano la bomalo, dzina la mayi anu asanakwatiwe pamodzi ndi lapakati lochokera kwa bambo awo, ndipo muikemo umboni woti ndinu mwana wawo. Mukafuna kufufuza makolo obadwa chisanafike chaka cha 1918, amenewo analembedwa ndi ansembe m'mabuku a tchalitchi, ndipo mabukuwo mukawafunse ku nyumba yosungira zolemba zakale ya chigawo mumzinda wa Stavropol, pansi pa dzina la uyezd wa Medvezhensky. Masiku a m'mabuku amenewo ndi a kalendala yakale, imene kuyambira mu 1900 inkatsalira ndi masiku 13, ndiye musadabwe tsiku lobadwa la agogo anu likasiyana ndi limene mayi anu ankakuuzani.