Kwa mlongo wathu wofunsa za mean, sample ndi probability

Mlongo wanga, mwati mwangoyamba statistics ndipo mawu achuluka moti simukudziwa poyambira. Ine ndikuti yambirani pa mean ndi median, chifukwa apa m'pamene anthu ambiri amapusitsidwa, ophunzira omwe.

Tiyerekeze kuti amayi asanu ogulitsa tomato pa msika wa Soweto mu Lusaka apeza phindu la K100, K100, K150, K200 ndi K1,450 pa tsiku. Mukaphatikiza zonse n'kugawa ndi 5 mupeza K400, ndiyo mean. Nanga ndani mwa asanuwa wapita kunyumba ndi K400? Palibe. Mayi mmodzi amene wagulitsa mabokosi ambiri ndiye wakokera nambala m'mwamba. Ndandalikani manambalawo kuyambira yaing'ono, yapakati ndi K150, imeneyo ndi median. K100 yabwera kawiri, ndiyo mode. Choncho wina akamakuuzani ndalama zimene munthu wa mu Lusaka amapeza, atasakaniza olemera a ku Kabulonga ndi osauka a ku Kanyama m'thumba limodzi, mufunseni median. Standard deviation imangokuuzani kuti manambala amwazikana kutali bwanji ndi mean. Fomula yake imaopsa m'maso chabe.

Population ndi onse amene mukufuna kudziwa za iwo, sample ndi ochepa amene mwawafikiradi. Pa kalembera wa 2022 ZamStats, bungwe la boma la Zambia lowerenga anthu, inayenda khomo ndi khomo n'kupeza anthu oposa 19 miliyoni, koma ntchito yotere ndi yodula, n'chifukwa chake wam'mbuyo mwake anali wa 2010. Kafukufuku wambiri amadalira sample, ndipo chachikulu ndi kasankhidwe kake. Mukafunsa anthu 1,000 ogula m'masitolo akuluakulu a pa Manda Hill okhaokha, a ku komboni ya Chawama simunawamve, ngakhale muwonjezere ena 1,000 pamalo pomwepo. Ndiye cholinga cha random sampling, kusankha mwamaere, kuti aliyense akhale ndi mwayi wosankhidwa.

Probability, mwayi woti chinthu chichitike, imayambira pa 0, chosatheka, kufika pa 1, chotsimikizika. Amene anayala maziko a masamu ake ndi akatswiri a ku France, Blaise Pascal ndi Pierre de Fermat, m'makalata awo a mu 1654, ndipo nkhani yake inali ya njuga, kagawidwe ka ndalama masewera akadukira panjira. Anyamata athu obetcha mpira amve apa. Ngati zinthu sizidalirana, mwayi wake umachulukitsidwa. Masewera asanu pa tiketi imodzi, aliwonse mwayi wake uli theka, ndi 1/2 kuchulukitsa kasanu, zimene zikupereka 1/32. Ndipo kuluza matiketi khumi sikutanthauza kuti yotsatira ili pafupi kuwina, iyayi.

Pa mayeso chenjerani pomwepa, muzidzifunsa kaye ngati zinthuzo zikudalirana. M'thumba mukakhala mipira 3 yofiira ndi 2 yoyera, mwayi wotola wofiira ndi 3/5. Mukautola osaubwezera, wachiwiri wofiira ndi 2/4, osati 3/5, ndipo onse awiri pamodzi ndi 6/20.