Kudinda mbiri ya dziko pogwiritsa ntchito lino

Aphunzitsi ena a sekondale alemba kufunsa kuti angachulukitse bwanji zithunzi za John Chilembwe ndi kuukira kwa 1915 kuti azimate pasukulu ndi pamsika, popanda makina okwera mtengo.

Aphunzitsi, gobani chithunzi pa lino (linoleum, chinthu chofewa ngati labala chimene amayala pansi m'nyumba) n'kudinda pamapepala. Ku Mexico, Leopoldo Méndez, Luis Arenal ndi Pablo O'Higgins anayambitsa gulu la akatswiri odinda zithunzi lotchedwa Taller de Gráfica Popular mu 1937, ndipo mu 1947 gululi linatulutsa zithunzi 85 za lino zofotokoza nkhondo yosintha boma imene inayamba mu 1910. Lino ndi yotchipa, siyivuta kugoba, ndipo chidutswa chimodzi chimadinda mapepala ambirimbiri, komanso ngakhale wosadziwa kuwerenga amamva nkhani pongoona chithunzi.

Chithunzi chimodzi, nkhani imodzi. Tchalitchi cha PIM (Providence Industrial Mission, mishoni ya Chilembwe) ku Mbombwe chikhale pachokha, nkhope ya Chilembwe pachokha. Mukaunjika zonse pamodzi chimatuluka chimtambo chakuda basi.

Pezani lino yokhuthala mamilimita 3, timipeni tiwiri togobera (ka V kodulira mizere, ka U kochotsera malo aakulu), rola ya labala, galasi, inki ya mafuta ndi supuni. Jambulani pa lino chotembenuza, makamaka zilembo ndi manambala. Apa ndi pamene ambiri amagwa: 1915 amatuluka chagada chifukwa anamulemba molunjika. Ikani lino padzuwa mphindi zochepa kuti ifewe, poti yozizira imathetheka m'mbali mwa mzere. Mpeni uziloza kutali ndi dzanja logwira. Chimene mwagoba chituluka choyera, chotsala ndiye chakuda.

Inki ndiyo imafuna khutu. Pakani pang'ono pagalasi, yendetsani rola mpaka izimveka "sii-sii" mosalala. Ikamalira "tcha-tcha" ndiye kuti yachuluka, ndipo idzatseka timizere ta m'maso ndi m'tsitsi. Ikachepa, chithunzi chimatuluka mawangamawanga. Yalani pepala pamwamba, tikitani ndi msana wa supuni mozungulira kuyambira pakati, kenako tukulani ngodya imodzi yokha muone. Pakatuwa bwezani pepala, tikitaninso.

Inki ya mafuta imauma pakatha masiku angapo, choncho yanikani mapepala pachingwe, osawasanjikiza. Ya madzi imauma msanga, koma Januwale ndi nyengo ya mvula: mukamata panja pa 15, tsiku lokumbukira Chilembwe, isungunuka tsiku lomwelo.