Mafayilo akukana kutuluka mu ofesi: yankho kwa mayi wa ku Nkhotakota

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mayi wina amene amasunga mabuku a gulu la alimi a mpunga chakumtunda kwa Nkhotakota, kufupi ndi mtsinje wa Bua. Dzina lawo ndalisunga, koma nkhani yake ili motere. Mu ofesi mwawo muli makompyuta atatu ndi laputopu imodzi, zonse zolumikizidwa ku rauta yoikamo SIM khadi. Mwezi ukatha amafunika kutumiza mafayilo kwa akauntanti wawo ku Lilongwe: malipoti, zithunzi za malisiti ndi bakapu ya pulogalamu yowerengetsera ndalama, zonse pamodzi pafupifupi 500 MB. Pa imelo zimakana, poti Gmail imalekeza pa 25 MB. Mnyamata wina wapachibale, wodziwako za makompyuta, anawaikira seva ya FTP (pulogalamu yolola anthu ena kutenga mafayilo pa kompyuta kudzera pa intaneti) pa kompyuta imodzi n'kutsegula port 21 (khomo la nambala limene FTP imalowera) pa rauta. Mu ofesimo zimayenda bwinobwino, koma akauntanti akayesa ali ku Lilongwe kompyuta imangozungulira mpaka kutopa. Pano akuti amangopatsira kondakitala wa minibasi flashi mu envelopu. Ndiye afunsa kuti: "Kodi tingozimitsa firewall kuti zitheke?"

Mayi, musazimitse. Ndipotu mutazimitsa lero, akauntanti anu adzakhalabe panja, chifukwa chimene chikuwatsekereza sichili mu ofesi mwanu.

Ife amene tinakulira kumudzi tikukumbuka mmene makalata ankabwerera. Mudzi wonse unkagwiritsa ntchito bokosi la positi la sukulu ya pulayimale. Adiresi imodzi, anthu mazanamazana, ndipo ahedi ndiwo ankadziwa kuti kalata iyi apatsire mwana uti akapereke kunyumba. Rauta yanu ikugwira ntchito ya ahedi, kungoti makalata ake sabwera ndi dzina la munthu pa envelopu. Chimene imachita n'chakuti kompyuta ya mu ofesi ikatumiza uthenga kunja, rauta imalemba m'kabuku kake kuti wakuti walembera kwakuti. Yankho likabwera imayang'ana m'kabukumo n'kulipereka kwa mwini wake. Koma ikabwera kalata yochokera kwa mlendo amene palibe anamulembera, rautayo siidziwa woipatsa, ndipo imangoitaya. Kachitidwe kameneka amakatcha NAT. Firewall imangowonjezera lamulo pamwamba pake: wotuluka atuluke, yankho lake lilowe, wobwera osaitanidwa abwerere pageti.

Zinafika pamenepa chifukwa maadiresi akale a pa intaneti, otchedwa IPv4, alipo pafupifupi 4.3 biliyoni okha, pamene anthu padziko tinapitirira kale 8 biliyoni, osawerengera mafoni ndi makompyuta athu. Mu 1996 akatswiri anapatula magulu atatu a maadiresi oti azigwira ntchito m'kati mwa nyumba ndi maofesi mokha: oyamba ndi 10, oyamba ndi 192.168, ndi oyambira pa 172.16 mpaka 172.31. Mukalemba ipconfig mu Command Prompt ya Windows pa kompyuta yanu mupeza nambala yonga 192.168.8.101. Nambala yomweyo ilinso pa makompyuta ena osawerengeka ku Dwangwa, ku Mzuzu ndi ku Nairobi. Kuipereka kwa akauntanti kuli ngati kuwauza kuti "ndimakhala nyumba yachitatu kuchokera pamjigo" osatchula mudzi.

Mnyamata wanuyo sanaganize molakwika kwenikweni. Kutsegula port 21 pa rauta kuli ngati kuuza ahedi kuti kalata iliyonse yopanda mwini yokhala ndi chidindo chakuti izipita kunyumba yakuti. Kale pa intaneti ya waya wa telefoni zinkatheka. Pa intaneti ya SIM khadi nthawi zambiri sizitheka, chifukwa nayo kampani ya foni ili ndi ahedi ake. Rauta yanu siipatsidwa adiresi yakeyake yoonekera padziko lonse. Imagawana imodzi ndi makasitomala ena ambirimbiri. Dzina lake ndi CGNAT, ndipo mu 2012 anapatula maadiresi oyambira pa 100.64 mpaka 100.127 kuti agwire ntchito imeneyi. Ndiye geti lanu mwatsegula, inde, koma kunja kwake kuli mpanda wina umene kiyi wake simuli naye.

Mungathe kutsimikiza nokha pa mphindi zisanu. Tsegulani tsamba la rauta yanu. Marauta ambiri a Huawei amatseguka mukalemba 192.168.8.1 pa Chrome, ena pa 192.168.0.1 kapena 192.168.1.1, ndipo nambala yake imalembedwa pakapepala kunsi kwa rautayo. Fufuzani pamene palembedwa WAN IP n'kuilemba papepala. Kenako funsani pa Google kuti "what is my ip". Nambala ziwirizi zikasiyana, kapena ya WAN ikayamba ndi 10 kapena kugwera pakati pa 100.64 ndi 100.127, basi dziwani kuti muli kuseri kwa mpanda wa kampani. Ena amaganiza kuti akagula Starlink, imene inafika m'dziko muno mu 2023, vutoli litha. Liwiro lisintha, koma phukusi lake wamba nalonso limadutsa pa CGNAT.

Tsopano za FTP. Pano mundilole ndichedwepo, chifukwa anthu ambiri amene amabwera nazo kuno ku Salima amakodwa pamenepa. FTP ndi nkhalamba. Inayamba mu 1971, ndipo malamulo ake amene akugwira ntchito mpaka lero analembedwa mu 1985, nthawi imene kompyuta iliyonse ya pa netiweki inali ndi adiresi yake ndipo za firewall kunalibe. Imagwiritsa ntchito njira ziwiri nthawi imodzi. Pa port 21 pamadutsa zokambirana zokha, dzina, pasiwedi, "ndipatse fayilo yakuti". Katundu weniweni amadutsa njira yachiwiri. M'kachitidwe kakale, kotchedwa active, inu mukagogoda pa 21, seva ndiyo imatembenuka n'kukuimbirani inu kuchokera pa port 20 kuti ikupatseni fayilo. Rauta yanu ikaona kuimbako imati ndi mlendo wosaitanidwa uja, n'kumubweza. N'chifukwa chake mumamva munthu akuti "pasiwedi yalowa bwinobwino koma mafoda sakuoneka".

Mankhwala ake, ngati inu ndinu wotumiza ku seva ya anthu ena, ndi osavuta: mu FileZilla kapena WinSCP, mapulogalamu otumizira mafayilo pa FTP, sankhani passive. Pamenepo njira zonse ziwiri amayambitsa ndinu, ndipo firewall ilibe nazo mlandu. Koma seva ikakhala m'kati mwa ofesi, monga yanuyi, passive imabweretsa vuto lina. Seva imauza wakunja kuti "bwera udzatenge pa adiresi iyi", ndipo ngati sinakonzedwe bwino imatchula ya m'nyumba ija, 192.168 chakuti, imene ku Lilongwe ilibe tanthauzo. Muyeneranso kutsegula maport ena ambiri owonjezera. Zonsezi mukuvutikira chinthu chimene chimatumiza pasiwedi yanu poyera, yosabisidwa m'pang'ono pomwe. Ine FTP ndinasiya kuikira anthu.

Palinso chifukwa china chimene ndikukanira zotsegula geti, ngakhale kampani itakugulitsani adiresi yanuyanu, imene makampani amapereka kwa a bizinesi pamtengo wapadera. Pa intaneti pali makompyuta amene ntchito yawo usana ndi usiku ndi kugogoda pa adiresi iliyonse kuona pamene patseguka. Sasankha kuti iyi ndi banki, iyi ndi ofesi ya alimi a kilombero. Mu Meyi 2017 pulogalamu yoipa yotchedwa WannaCry inafalikira kudzera pa port 445, imene Windows imagwiritsa ntchito pogawana mafoda, n'kumanga mafayilo m'mayiko oposa 150, mpaka zipatala za boma ku Britain zinabweza odwala. M'mafayilo anu muli mayina a mamembala, manambala awo a foni ndi ndalama zimene aliyense walandira. Kuyambira 2024 dziko lino lili ndi lamulo loteteza zinsinsi zotere, ndipo wosunga mabuku ndinu.

Ndiye mutembenuze maganizo. M'malo moti akauntanti alowe kudzatenga, kompyuta ya mu ofesi ituluke kukapereka. Njira yotulukira ndi yotsegula kale. N'chifukwa chake WhatsApp ndi Facebook zimagwira popanda wina kukhudza rauta.

Kwa inu amene mumatumiza kamodzi pamwezi, ine ndingachite chonchi. Tsekani kaye pulogalamu ya ndalama ija, mutulutse bakapu yake. Ikani zonse mu foda imodzi, monga Malipoti_2025_06. Tsitsani 7-Zip, ndi yaulere. Dinani fodayo ndi batani lakumanja, musankhe 7-Zip kenako "Add to archive". Kumanja kuli malo olembapo pasiwedi, ndipo njira yobisira ikhale AES-256. Chongani "Encrypt file names" kuti ngakhale mayina a mafayilo asaoneke. Kumanzere chakumunsi kuli "Split to volumes", lembanipo 100M. Mupeza tizidutswa tisanu kapena kuchepera apo, tothera ndi .001, .002 ndi kupitirira. Tikwezeni pa Google Drive, imene imapereka 15 GB yaulere, ndipo mugawane ndi imelo ya akauntanti yokha, osati "aliyense amene ali ndi linki". Pasiwedi muwauze poimba foni. Musailembe mu imelo yomweyo, kumeneko n'kusiya kiyi pachitseko.

Zoduladulazo musazione ngati zachibwana. Makampani akamatsatsa liwiro amanena lotsitsira, koma inu mukufuna lokwezera, limene kawirikawiri limachepa. Komanso amawerenga mu ma Mbps, kutanthauza ma megabit pa sekondi, ndipo MB imodzi ndi ma megabit 8. Tiyerekeze kuti rauta yanu ikukweza pa 2 Mbps: 500 MB ndi ma megabit 4,000, kutanthauza masekondi 2,000, mphindi 33 ndi kachidutswa. Pa mphindi 33 zambiri zimachitika kuno kunyanja, makamaka nthawi ya dzinja. Magetsi akathima muli pa kachidutswa kachinayi, mungobwereza komweko, bandulo yanu osapsa yonse. Ngati kampani yanu ili ndi bandulo yausiku, ntchito yake ndi imeneyi. Ndipo gwiritsani laputopu ija potumiza, poti ili ndi batire.

Ngati mudzafika poti mafayilo azipita sabata iliyonse kapena tsiku lililonse, pali pulogalamu yaulere yotchedwa Syncthing. Mumaiika pa kompyuta yanu ndi ya akauntanti. Iliyonse imakhala ndi nambala yake yaitali yoizindikiritsa. Mumapatsana manambalawo, n'kusankha foda yogawana. Zonse ziwiri zimatuluka kukafunana panja. Zikalephera kukumana mwachindunji chifukwa cha mipanda ija, zimadutsira pa seva yapakati, imene imangonyamula katundu womangidwa osatha kumuwerenga. Zimachedwerapo, koma zimafika. Intaneti ikaduka, ikabweranso zimapitiriza zokha.

Apa pali mbuna imodzi, ndinagweramo ndekha. Ndinaikira Syncthing malo ena ogona alendo cha ku Senga Bay kuti mwini wake aziona malipoti ali kutauni. Tsiku lina iye anaganiza zokonza laputopu yake, nafufuta mafoda a chaka chatha poti "ku ofesi aliko". Mphindi zochepa, ku ofesi nakonso anafufutika. Pulogalamuyo sinalakwe, inachita zimene ndinaiuza, kuti mbali ziwirizi zizifanana. Tinapulumukira pa hadi disiki ina yakale imene inali m'dirowa. Kuyambira tsiku limenelo foda ya ku ofesi ndimaiika pa "Send Only", ya wolandira pa "Receive Only", ndipo kwa wolandirayo ndimayatsa "File Versioning" kuti zofufutidwa zizisungidwa pambali. Chinanso, musagawane fayilo imene pulogalamu ya ndalama ikugwiritsa ntchito nthawi yomweyo. Ikakopedwa ili pakati polembedwa imafika yowonongeka. Gawanani bakapu yokha.

Nanga ngati akauntanti akufunadi kulowa pa kompyuta ya mu ofesi, kumasanthula okha? Pamenepo ndi pa Tailscale. Inamangidwa pa WireGuard, njira ya VPN (msewu wobisika wolumikiza makompyuta pa intaneti) imene inalowa mu Linux mu 2020. Mukaiika pa makompyuta awiriwo, amakhala ngati ali m'chipinda chimodzi ngakhale wina ali ku Area 47, ndipo pa rauta simutsegula port iliyonse. Foda yogawana ya Windows imaoneka kwa okhawo amene mwawalola. Kungoti kompyuta ya ku ofesi iyenera kukhala yoyaka nthawi imene iwo akufuna kulowa, ndipo mukudziwa nokha mmene zimenezo zimakhalira.

Kwa mnyamata wanuyo, poti ndikuona kuti ali ndi chidwi, mumuuze awerenge za SFTP. Dzina likufanana ndi FTP koma si pachibale. Imayenda pa SSH, njira yobisika yolumikizirana ndi kompyuta ya kutali, imene Tatu Ylönen wa ku Finland analemba mu 1995, imadutsa njira imodzi yokha pa port 22, ndipo zonse zimakhala zobisidwa. Ngati ofesi ya akauntanti ili ndi seva yoonekera pa intaneti, WinSCP ikhoza kukankhira mafayilo kumeneko kuchokera ku Nkhotakota, ndipo ikaduka imapitirizira pamene inalekera. Pa Linux pali rsync, ya mu 1996, imene imatumiza zokhazo zimene zasintha:

rsync -avz --partial malipoti/ dzina@seva:zolandira/

Mawu akuti --partial ndiwo amasunga fayilo yofika theka kuti musayambirenso.

Koma asanayambe zonsezo, mawa m'mawa alowe pa tsamba la rauta achotse lamulo la port 21 lija, azimitse seva ya FTP, ndipo ngati pasiwedi ya rauta ikadali "admin" aisinthe. Flashi ya mwezi uno ngati ipitabe ndi kondakitala, ipite mafayilo ake atamangidwa ndi 7-Zip. Mukayang'ana WAN IP ija, mundilembere manambala awiri oyambirira okha.